Chisoti cha Mkwatibwi Pamutu pa Agogo Ake

Anthu a ku Kawale akusimba nkhaniyi mosiyanasiyana, ndipo ambiri akunama. Ena akuti ndinali nditalawa. Ena akuti ukalamba wandizunguza mutu. Mayi wina wogulitsa tomato akuuza aliyense wodutsa kuti ndinalira. Sindinalire ine, aja anali mafuta ophikira akutsikira m'maso. Ndiye ndati ndilembe ndekha, ngakhale cholembera chimandilemera kuposa hamala (sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ine ndi aphunzitsi sitinagwirizane), kuti wofuna kuseka aseke zoona zake.

Ine ndine mmisiri wa malata. Ndinayamba kukhoma zidebe ku Biwi ndevu zisanamere, ndipo lero ndili ndi dazi. Zidebe, mbaula, mabeseni, makeni othirira m'dimba, zonsezo zatuluka m'manja anga awa. Funsani aliyense ngati chidebe changa chinadonthapo. Chifukwa chake n'chimodzi: kanthu sikachoka kwa ine ndisanakayese. Chidebe ndimachithira madzi. Mbaula ndimaikhalira, ine mwini wake, ndi thupi langa lonse. Ikapindika, siyogulitsa. Gwirani mawu amenewa, chifukwa ndi amene anandipachika.

Ndili ndi mdzukulu dzina lake Tadala, mwana wa mwana wanga wamwamuna amene anatisiya Tadalayo ali ndi zaka zisanu. Tamulera ine ndi akazi anga, aNabanda. Atapeza mwamuna, ananena pamaso pa ankhoswe kuti womulowetsa m'tchalitchi ndi kumupereka ndine, osati munthu wina. Ndinangoti "chabwino" ngati sizikundikhudza, koma suti ndinakaitulutsa m'sutikesi tsiku lomwelo n'kuiyanika.

Kutatsala mwezi umodzi, masana ena, ndinapeza Tadala ndi aNabanda pakhonde mitu itagundana pa foni.

"Agogo, taonani ichi," anatero Tadala. "Anavala mkazi amene anakwatiwa ndi mwana wa mfumu ya kwa azungu."

Ndinayang'ana. Kachisoti kakang'ono, timawaya topindapinda, timiyala tonyezimira, katangokhazikika patsogolo pa velo ngati mbalame pa waya.

"Chimenechi basi? Mfumu yathunthu?"

"Ndi dayamondi weniweni, agogo. Chimasungidwa m'banja mwawo. Anavala agogo awo, kenako mayi awo, pano wavala mtengwa."

"Ndiye iwe ukachitenga kuti?"

"Kuli amayi ena ku Area 23 amabwereketsa zofanizira, pamodzi ndi diresi ndi velo. N'zapulasitiki, koma pachithunzi simungasiyanitse."

"Chavalidwa ndi mitu ingati chimenecho?"

"Kaya, agogo. Yambiri."

Apa ndinaimirira. Anthu amati ndimakuwa, koma ine sindikuwa, ndi mmene ndimalankhulira basi (munthu wokhalira pakati pa malata ndi hamala salankhula ngati wansembe). Ndinanena kuti mdzukulu wanga savala pulasitiki yonunkha thukuta la akwati a Lilongwe yense, ine ndili moyo, manja ndili nawo. Ngati azungu ali ndi chisoti cha banja lawo, ifenso tikhala ndi chathu, ndipo woyamba kuvala ndi Tadala.

"Bambo inu," anatero aNabanda osakweza ngakhale mutu, "za akazi zisiyeni. Mutu wa mwana si mbaula."

Tadala anaseka n'kunena kuti, "Chabwino agogo, pangani tione." Kwa ine imeneyo inali oda.

M'mawa mwake ndinali ku Biwi kwa mnzanga Che Jafali, wowotcherera zitsulo wochokera ku Mangochi, amene takhala moyandikana pa ntchito kuyambira kalekale. Ndinamufotokozera zonse. Chithunzi chija ndinali nditachiyang'ana kawiri, ndipo kwa mmisiri kawiri n'kokwana. Ndinaonanso pamene azungu aja analakwitsa.

Choyamba, chawocho n'chotsegula kumbuyo, amangochigwiriza ndi timapini m'tsitsi. Zimatheka kwawoko chifukwa akwati awo amangoyenda pang'onopang'ono n'kumakweza kadzanja. Kuno mkwatibwi amalowa mu holo akuvina, amawerama kwa apongozi, amaima pa perekaniperekani mpaka dzuwa kupendeka. Timapini tingapirire zimenezo? Changa ndinati chizungulire mutu wonse.

Chachiwiri, chawocho n'chachifupi. Munthu wokhala kumbuyo kwa tchalitchi aona chiyani? Changa ndinachipatsa nsonga zisanu ndi ziwiri, yapakati kutalika kwake chikhatho chathunthu.

Mkombero wake ndinapangira zitsulo zija amamangira mabelo a kaunjika, zitatu kusanjikiza, n'kuzikhomerera pamodzi. Miyala sinavute. Ku Biwi kuli magalaja, ndipo galasi lakutsogolo la minibasi likasweka limagawikana timiyala tating'ono tonyezimira. Ndinatola chitini chodzaza, ndinatsuka, ndinasankha kamodzikamodzi. Ikani pambali pa dayamondi wa mzungu, mundiuze. Pa nsonga yapakati ndinaikapo galasi lofiira la nyali yakumbuyo ya lole, lija limawala lokha kuwala kukaligunda.

Vuto linatsala limodzi: muyeso. ANabanda anakana kuti ndifike ndi tepi pamutu pa mwana. Komanso anandiuza kuti mutu wa mkwatibwi suyezeka, chifukwa dzulo la ukwati amapita ku saluni kukawonjezera tsitsi, ndipo palibe amadziwa kuti abwerako ndi mutu waukulu bwanji. Wina akanagonja pamenepo. Ine ndinaganiza masiku awiri, ndipo nzeru inabwera. Ndinatenga kilampu ya paipi ya galimoto, ija umati ukapotokola kabawuti kake imamanga, ukabweza imamasuka, n'kuilumikiza kumbuyo kwa chisoti. Mutu waukulu, mutu waung'ono, zonse zofanana. Mpaka lero ndikunena kuti mfumu ya azungu ikanamva nzeru imeneyi ikananditumizira kalata.

Che Jafali anaitembenuzatembenuza kilampuyo.

"Achimwene, kabawuti aka kadya dzimbiri. Tagulani katsopano."

"Zitsulo zakale ndiye zolimba, Che Jafali. Zamasiku ano ndi phala."

"Chabwino. Mutu si wanga."

Ndinamaliza Lachisanu masana, n'kupaka penti wasiliva. Pentiyo anafunika kuuma, ndiye kuyesa kunadikira Loweruka, tsiku la ukwati lenilenilo.

Tadala anagona kwa azakhali ake ku Area 23, kumene amakamuvekera. Ine ndinali nditalengeza kuti chisoti ndikamuveka ndekha pakhomo la tchalitchi, 9 koloko isanakwane. Kunyumba kwathu bwalo linali lodzaza amayi ophika za ukwati, utsi kobo, nkhuku zikulira komaliza. Cha m'ma 7 ndinali nditasamba, suti ndavala, tayi ndamanga. Ndinalowa kuchipinda, ndinatseka chitseko, ndinatulutsa chisoti m'katoni.

Abale, chinali chokongola. Cholemera pang'ono, inde, ngati mpoto wa nyemba, koma chokongola.

Ndiye ndinadzifunsa: ndikapereke kwa mdzukulu wanga chinthu chosayesa? Ine? Ndinachikhazika pamutu panga, ndinatenga sikuludiraiva, ndinapinda mkono kumbuyo n'kuyamba kumanga. Nditamva kuti chagwira, ndinavina pang'ono monga amalowera akwati mu holo. Chinagwedera. Ndinachitsitsa mpaka chinadutsa kaphiri kamene ndili nako kunkhongo, n'kukhala pamwamba pa makutu penipeni, ndinamanganso. Ndinavina. Ndinawerama ngati ndikulonjera apongozi. Ndinadumpha kawiri (mawondo anadandaula, koma ntchito ndi ntchito). Chisoti chili nji! Ndinadziyang'ana pagalasi n'kudziuza kuti mwamuna iwe, Biwi yense palibe.

Pakanathera pamenepo. Koma mmisiri aliyense ali ndi kachizolowezi: ukamaliza kukhoma, umamenyanso kamodzi kotsanzikira. Ndinapotokolanso kamodzi.

Thyo!

Kanthu kanagwa pansi, kanagubuduka, kanalowa kunsi kwa bedi. Ndinapapasa kumbuyo. Mutu wa kabawuti panalibe. Panatsala kachitsa kosalala, kopanda pogwira sikuludiraiva, kopanda pogwira chilichonse.

Sindinachite mantha. Ndinagwira nsonga ziwiri n'kukoka. Khungu la pamphumi linakwera, nsidze zinakwera, chisoti sichinakwere. Ndinayesa kupotoza, makutu anatsatira. Ndinakhala pabedi kaye.

Kenako ndinatsegula chitseko pang'ono n'kuitana aNabanda monong'ona. Ine ndikuti ndinanong'ona. Koma anabwera amayi asanu ndi anayi, wina atagwira chipande, wina nkhuku yosamaliza kusosola.

ANabanda analowa patsogolo. Anandiyang'ana kuyambira nsapato, suti, tayi, mpaka pamwamba. Anangotsetsereka ndi khoma mpaka anakhala pansi, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwe. Zaka zonse takhala m'banja sindinawaonepo akuseka choncho, ngakhale pa ukwati wathu.

"Mukatha kusekako mundithandize," ndinatero.

"Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero akupukuta m'maso. "Amake Joyi, tabweretsani mafuta."

Amake Joyi ndi mayi woyandikana nafe nyumba, wamanja ngati wonyamula matumba a simenti. Anandithira mafuta ophikira pa dazi, ankati alowe kunsi kwa chitsulo. Sanalowe. Anatsikira m'maso, m'khosi, m'kolala ya malaya oyera. Anayesa sopo. Kenako anandikhazika pampando, amayi awiri anandigwira mapewa, Amake Joyi anagwira chisoti n'kukoka ngati akuzula chinangwa. Ndinanyamuka ndi mpando womwe.

"Tengani sizasi yawo ya malata tidule," anatero aNabanda.

"Ayi!" (apa ndikuvomera, ndinakuwa). "Mukadula, Tadala avala chiyani?"

Amayi aja anayang'anizana. Ine ndinayesa akundimvera chisoni. Sizasiyo anaibweretsabe, koma chitsulo chinali chitamira m'khungu moti ngakhale nsonga ya mpeni sikanalowa.

Nthawi inali itadutsa 8. Ndinati ndithamangire ku Biwi, Che Jafali akadule kachitsa ka bawuti kokha, chisoti chipulumuke. Koma ndituluka bwanji? Ndinatenga chipewa changa cha pa Sabata n'kuvala pamwamba. Nsonga zinaboola n'kutulukira kunja, zonse zisanu ndi ziwiri. Chipewa chinafera pomwepo. Ndiye aNabanda anavula chitenje n'kundikulunga mutu wonse ngati mtolo wa masamba, anamanga mfundo pansi pa chibwano.

"Ife tikupita kutchalitchi," anatero. "Mukatipeze. Musamuchititse manyazi mwana."

Pamsewu ndinaimitsa kabaza wa njinga yamoto. Anayang'ana mtolo uli pamutu panga.

"Madala, mwavulala? Tipite kuchipatala?"

"Ku Biwi. Yendetsa."

Anandipatsa chipewa chawo cholimba chija, kenako anayang'ananso mutu wanga n'kuchibweza yekha.

Tinayenda bwinobwino mpaka pamene msewu umatsetsereka. Apo mnyamatayo anawonjezera moto, mphepo inalowa m'chitenje, mfundo inamasuka, ndipo chitenje cha aNabanda chinauluka n'kukagwera pa benchi ya wogulitsa chipisi. Dzuwa la m'mawa linagunda chisoti. Galasi lofiira lija linagwira ntchito yake monga ndinalipangira.

Oitanira minibasi ndi amene anayamba. "Mfumu ikudutsa! Wawa, gogo chalo!" Wina anagwada pakati pa msewu n'kuwomba m'manja. Amayi a pamsika anayimba nthungululu. Wakabaza anayang'ana pa kagalasi kake, njinga inagwedera, tinatsala pang'ono kulowa m'ngalande.

"Madala, mukanandiuza kuti ndanyamula akuluakulu ndikanatsuka njinga."

Ine ndinangowongola msana n'kuyang'ana kutsogolo. Munthu ukavala chinthu chotere, kuwerama n'kumene kumakuonjezera manyazi.

Che Jafali ndinamupeza atakhala pa chitini akumwa tiyi. Anaika kapu pansi bwinobwino.

"Achimwene, mwakwatiwa? Osatiuza?"

"Kabawuti kathyoka."

"Kati? Kakale kaja? Kolimba kaja?"

"Che Jafali, nthawi."

Anazungulira kumbuyo kwanga, anagogoda chitsulo ndi chala, ubongo wanga unamva. Amisiri anzathu anasiya ntchito n'kutizinga, aliyense ndi nzeru yake. Wina anati atenthe ndi moto wa gasi chitsulo chifutukuke. Wina anati andigoneke pansi amenye ndi tchizulo. Che Jafali anatulutsa galainda, makina aja amadula chitsulo akulavula moto, anati ndi mphindi imodzi basi, bola ndisayetsemule. Anayatsa. Zii. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutukwana kuzima kwa magetsi, koma tsiku limenelo ndinathokoza chamumtima.

"Ndiye pali njira ziwiri," anatero. "Sowo, ndidule chitsulo pambali apa. Khutu mwina litsala. Chisoti ndiye chatha. Kapena tupa, ndipale kilampu kumbuyoku pang'onopang'ono, chisoti chipulumuke. Koma zimenezo ndi maola awiri."

"Tupa."

"Ukwati uli nthawi yanji?"

"Tupa, Che Jafali!"

Anayamba kupala. Amene sanapalidwepo chitsulo chili pamutu asandiuze za mavuto. Mano onse, ngakhale amene anachoka kale, ankanjenjemera. Ndili chiweramire choncho, foni inalira m'thumba. Ndinayang'ana: 9 inali itadutsa ndi mphindi khumi. Anali Tadala.

"Agogo, muli kuti?"

"Ndikubwera, mwanawe. Pali kantchito pang'ono."

"Abusa akuti ali ndi ukwati wina 10 koloko. Akuti tikachedwanso atidumpha, adalitse enawo, ife tidzaone tsiku lina. Amalume akuti andilowetse iwowo."

Amalume akewo ndi munthu wabwino, koma sanamugulirepo ngakhale pensulo.

"Ndiye walowa?"

"Ndili m'galimoto pa geti. Ndawauza kuti sindituluka."

"Tadala, chisoti chako chija..."

"Ndamva zonse, agogo aakazi anandiuza. Bwerani nacho chomwecho."

"Chili pamutu, mwanawe."

"Ndiye bwerani ndi mutuwo. Ine sindilowa ndi munthu wina."

Anadula foni. Ndinayang'ana Che Jafali, iye anayang'ana kilampu imene anali atangoikanda pang'ono. Ndinaganiza za mwana uja atakhala m'galimoto yotentha, anthu a kuchimuna akuyang'ana mawotchi, chakudya chonse chija chaphikidwa, ndipo wochedwetsa ndine ndi nsonga zanga zisanu ndi ziwiri. Ndinaimirira.

"Sowo ija ndi mphindi zingati?"

"Zitatu zosanjikiza zija? Munazikhoma nokha, achimwene. Theka la ola."

Ntchito yanga yomwe inandikana. Ndinaitana wakabaza uja, amene sanachoke (anati ulendo ngati uwu sausiyira pakati), ndipo tinabwerera ku Kawale mutu uli poyera. Oitanira minibasi anagwadanso. Ulendo uno ndinawakwezera dzanja.

Pa geti la tchalitchi anthu anapatuka okha. Phokoso lonse linatha, kunangomveka njinga. Ndinatsika, ndinakonza jekete, ndinapita pa galimoto yokongoletsedwa ndi maluwa. Chitseko chinatseguka, Tadala anatuluka.

Diresi loyera, velo mpaka pansi. Ndipo pamutu pake, patsogolo pa velo, kachisoti kakang'ono konyezimira, kofanana ndendende ndi ka pa foni kaja.

Ndinayang'ana kachisotiko. Ndinayang'ana aNabanda. ANabanda anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Kameneka kachokera kuti?"

"Ku Area 23, agogo," anatero Tadala motsitsa mawu. "Tinakalembetsa sabata yomwe ija."

"Ndiye nonse mumadziwa? Ndi Amake Joyi omwe?"

"Kawale yense amadziwa, bambo," anatero aNabanda. "Ndani akanakuuzani? Mumamva inu?"

Ndikanakhala munthu wina ndikanakwiya. Ndipotu ndinayamba kukwiya, mawu anali atafika kale pakhosi. Sabata zitatu ndikutola magalasi ngati nkhuku! Khutu langa ndinatsala pang'ono kulipereka chifukwa cha chisoti chimene palibe ankachidikira! Koma Tadala anali akundiyang'ana pamutu, milomo ataluma, ndipo mwadzidzidzi anaphulika kuseka, mpaka mayi womupaka zokongoletsa kumaso anakuwa kuti, "Usalire, uwononga nkhope!" Atatha, anatenga kampango kake koyera, anandipukuta mafuta pamphumi ndi m'makutu monga ndinkamupukutira mamina ali wamng'ono.

"N'chokongola, agogo. Zoona. Koma ine khosi langa silikanatha." Anakoloweka dzanja lake pamkono panga. "Tiyeni, abusa akudikira."

Pakhomo panaima mkulu wa mpingo, wa jekete lakuda, amene ntchito yake ndi kuletsa zinthu.

"Abambo, pepani. Amuna salowa ndi chakumutu m'nyumba ya Mulungu."

"Vulani inuyo," ndinatero n'kumutembenuzira nkhongo. "Mukatha, n'chanu."

Anayang'ana kilampu, anayang'ana kachitsa ka bawuti, anayesa ndi chikhadabo. Kenako anapatuka.

Tinalowa. Kwaya inali itayamba nyimbo bwinobwino, koma titafika pakati mawu a amayi anayamba kusowa mmodzimmodzi, anatsala amuna a besi okha, nawonso akunjenjemera. Ine ndinayenda monga tinaphunzirira, phazi limodzi, kuima, phazi lina. Kuwala kwa pa windo kunkagunda galasi lofiira n'kumayenda pakhoma. Mkwati, mnyamata waulemu, anatiyang'ana kamodzi n'kuyamba kuwerenga nsapato zake. Abusa anakweza buku mpaka linabisa pakamwa.

"Ndani akupereka mkaziyu?"

"Ndine!"

"Inde, abambo," anatero abusa. "Takuonani."

Ndinapereka dzanja la Tadala kwa mnyamata uja. Anandifinya chala asanandisiye. Pamenepo m'maso munachita zinazake, koma ndanena kale, anali mafuta.

Ndikanakonda kunena kuti zinathera apo. Koma anandikhazika kumbuyo kwa mayi ake a mkwati, amene anavala chipewa chachikulu cha maukonde ndi nthenga. Abusa atati tiweramitse mitu tipemphere, ndinawerama monga Mkhristu aliyense. Atati ameni, ndinadzuka, ndipo chipewa cha mayiwo chinadzuka nane. Anagwira m'mutu, anatembenuka, anachiona chili lende pa nsonga yanga yapakati. Ndinawerama mwaulemu kuti achotse okha. Mpaka lero tikakumana amayamba agwira kumutu asanandipatse moni.

Che Jafali anafika ukwati uli pakati, tupa ali m'thumba, anakhala panja pansi pa mtengo wa mango kudikira. Koma wojambula anakana kudikira, ndipo Tadala anakana kujambulitsa popanda ine, ndiye zithunzi zonse za patchalitchi ndili momwemo. Ena atanyamuka kupita ku holo, ine ndinakhala pa njerwa kuseri kwa tchalitchi, Che Jafali akupala. Chinamasuka cha m'ma 1 koloko. Mutu unapepuka mpaka ndinadzandira poimirira. Mzere wofiira unazungulira dazi langa sabata yathunthu, ngati mphika wochotsedwa chivundikiro.

Madzulo ake aNabanda ankandipaka mankhwala pamzerepo, osati mwachifundo kwenikweni.

"Mwaphunzirapo kanthu, bambo?"

"Kabawuti kanali kakale."

"Kabawuti! Taganizani mwana akanavomera. Mukanamumanga nacho pakhomo la tchalitchi, n'kupotokola kotsanzikira kwanuko. Bwenzi ali iyeyo pa njerwa paja, ndi velo, Che Jafali akumupala. Tsiku la ukwati wake."

Ndinaliona bwinobwino m'maganizo, ndipo thukuta linatuluka. Koma nditaganizanso ndinaona kuti mayiwa, osadziwa, akundiyamikira. N'chifukwa chiyani sichinakanirire pamutu pa Tadala? Chifukwa ndinayesa. Ndinawauza zimenezo. Anandiwaza mankhwala otsalawo m'khutu n'kutuluka.

Zithunzi zinabwera patapita sabata ziwiri. Chachikulu tachipachika pabalaza. Ndikupemphani mudzabwere mudzaone nokha, muime pakhomo, mundiuze chisoti chimene chikuoneka. Ka ku Area 23 kaja muyenera kuyandikira n'kutsinzina diso limodzi. Changa mumachionera kumsewu.

Chisoticho ndachikonza. Ndinagula kabawuti katsopano (Che Jafali anandiperekeza kusitolo, akuti asamve zina), ndinafupikitsa nsonga yapakati ndi chala chimodzi chifukwa cha zipewa za anthu, ndipo chili m'katoni pamwamba pa kabati. Tadala ali ndi mng'ono wake, Chisomo, ndipo ndamva kuti kuli mnyamata wa ku Chinsapo amene wayamba kumuperekeza pochokera kuntchito. Sindinanene kanthu kwa mwanayo. Ndinangomufunsa tsiku lina, mwaulemu, ngati pa ukwati wake adzawonjezere tsitsi lambiri kapena lochepa.

Loweruka lapitali Chisomoyo wabwera kunyumba atameta mpala, ndipo akuti iye adzakwatiwa kwa DC, Lachiwiri, anthu anayi basi.